Munthu wamkulu kuyenda wapansi si umphawi

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene tinadutsa zaka 45 koma sitinafike poyendera ndodo, makamaka ife a kuno ku Dedza amene ntchito zathu zinatikhazika pampando: aphunzitsi, alembi a m'maofesi, ogulitsa m'masitolo, madalaivala ndi atelala a m'makonde. Nkhani yanga ndi ya kuyenda wapansi. Ndikudziwa kuti ena aseka poona munthu wamkulu akutha pepala ndi chinthu chimene ngakhale mwana wa chaka chimodzi amachidziwa, koma ine chinthu chimenechi ndinachiiwala kwa zaka zoposa khumi, ndipo kuiwalako kunatsala pang'ono kundigoneka m'chipatala.

Ndili ndi zaka 54. Ndinakulira cha ku Bembeke, kumene mwana aliyense ankayenda mtunda wautali popita kusukulu, n'kubwerako kukathirira mbatatesi kudimba dzuwa lisanalowe, ndipo panalibe amene ankatcha zimenezi masewera olimbitsa thupi. Nditasiya uphunzitsi ndinatsegula kagolosale pa boma pano, ndipo kuyambira pamenepo tsiku langa lonse linakhala la pampando: kutsegula 7 koloko m'mawa, kutseka mdima utagwa, nkhomaliro ya chipisi ndi chakumwa chotsekemera pakauntala pomwepo. Njinga zamoto za kabaza zitachuluka, ngakhale kamtunda kochokera kunyumba kukafika kugolosale, kamene sikatha mphindi 20, ndinayamba kukwera. Mimba itayamba kutsogola, anthu ankandiyamikira. Ena ankati, "Aphunzitsi, bizinesi yakuyanjani," ena ankati, "Mayi akunyumba akukusamalani." Ndinkamva kukoma, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa ife amene tinaona zaka za m'ma 1990, pamene kuwonda kwa munthu wamkulu kunkachititsa anthu kunong'onezana za Edzi, tinazolowera kuona kunenepa ngati umboni wakuti munthu ali bwino.

Zaka ziwiri zapitazo mutu unandiwawa kunkhongo kwa masiku angapo, ndipo ndinapita kuchipatala ndili wotsimikiza kuti ndi malungo. Malungo sanapezeke. Anandimanga chija cha pamkono, ndipo namwino ataona manambala anandiyang'ana, n'kundiyezanso kachiwiri. Anali 168 pamwamba ndi 102 pansi, pamene a zaumoyo amati munthu akamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kupitirira apo, ndiye kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija tonse timangoti BP. Atandiyezanso tsiku lina n'kupeza zomwezo, anandipatsa mapiritsi, anandiuza kuti ndichepetse mchere, ndiponso anati ndiziyenda. Mwa malangizo atatuwo, ine ndinamva la mapiritsi lokha.

Chimene sindinauze munthu aliyense ndi mantha amene ndinabwera nawo kunyumba. Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi za uphunzitsi anali atangofa ziwalo mbali imodzi, ndipo ndinali nditamuona ndi maso anga akudyetsedwa phala ndi mdzukulu wake. Ndinayamba kudzidzimuka pakati pa usiku n'kumawerengera amsinkhu wanga amene tinawaika kale m'manda, ngongole za kugolosale, ndi fizi ya mwana wotsiriza. Masana ndinkapsa mtima ndi tinthu tating'ono, monga kasitomala wobwera ndi ndalama yaikulu ine ndilibe chenji. Anthu a msinkhu wathu tili ngati nsanamira ya pakati pa nyumba, pakuti makolo okalamba atsamira ife, ana amene sanayambe kudziimira paokha atsamiranso ife, ndipo nsanamira ikayamba kufumbwa mkati sinena.

Nditaganiza zotsatira langizo lachitatu lija, ndinalakwitsa monga amalakwitsira amuna ambiri. Ndinakumbukira kuti ndili mnyamata ndinkamenya mpira pa nambala 7, ndinavala nsapato zakale, ndipo ndinathamanga kuzungulira bwalo la mpira kanayi popanda kuyamba ndatenthetsa thupi. Madzulo ake bondo linatupa ngati dzungu, ndipo ndinatsimphina sabata yathunthu, mkazi wanga akundithowa ndi madzi otentha kwinaku akundikumbutsa chaka chimene ndinabadwa. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Mtima ungafune zambiri, koma mawondo amene akhala akupuma kwa zaka khumi, atasenzanso makilogalamu owonjezera, sangavomere, ndipo ambiri amene amayamba mwaphuma chotere amasiya sabata yomweyo n'kumauza anzawo kuti masewera amavulaza.

Bondo litapola ndinayamba kuyenda mphindi 10 zokha m'mawa uliwonse. Miyendo inavomera msanga, koma maso a anthu ndi amene anandivuta. Tsiku loyamba, m'bandakucha wa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta phiri moti mitengo ya paini sinkaoneka, mayi wina amene ankapita ku nkhuni anaima pambali pa njira, n'kupinda mawondo pang'ono, nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, kwagwanji?" Sanalakwe, chifukwa kwathu kuno munthu wamkulu woyenda mwandawala nthawi imeneyo amakhala kuti akukanena maliro. Anyamata a kabaza nawo ankandiimira mmodzimmodzi n'kumati, "Madala, kwerani, mudzalipira mawa," poganiza kuti golosale yagwa. Manyazi anandigwira moti kwa miyezi iwiri ndinkatenga jumbo yopanda kanthu, nditaipinda bwino m'manja, kuti aliyense wondiona aziganiza kuti ndikupita kumsika. Kalatayi ndikuilemba makamaka chifukwa cha jumbo imeneyo. Tinadzibzala maganizo akuti munthu wolemekezeka sayenda wapansi popanda chifukwa chooneka ndi maso, ndipo ndikukhulupirira kuti pa boma pano pali anthu ambiri amene anauzidwa kuchipatala kuti aziyenda, koma akhala pansi poopa kufunsidwa mafunso ngati amene ndinafunsidwa ine.

Vutoli si langa ndekha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankamwa mankhwala alionse. Bungwe lomwelo limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mosadzipanikiza kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zimene ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo munthu akhoza kuzigawa, khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo, zonse n'kuwerengedwa. Muyeso wa liwiro loyenera sufuna wotchi yamtengo. Ngati munthu akuyenda n'kumatha kucheza ndi mnzake koma osatha kuimba nyimbo, ali pabwino, ndipo ngati mawu ayamba kudukaduka, achepetse. Ife a ku Dedza tiyenera kusamala kwambiri pamenepa, chifukwa tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo njira zambiri n'za zitunda. Woyamba kumene asankhe njira yosalala, zitunda adzazipeza miyezi ikubwerayi.

Monga mphunzitsi wakale, sindikhutira ndi langizo limene chifukwa chake sindikuchidziwa, choncho ndinafunsa a zaumoyo ndiponso ndinawerenga. Mtima ndi mnofu, ndipo ukamagwira ntchito yolingana ndi mphamvu zake tsiku ndi tsiku umalimba, n'kumapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, pamene mitsempha ya magazi nayo imafewa, kotero kuti magazi amadutsa mosakakamizika. Minofu ya m'miyendo, imene ili pakati pa minofu ikuluikulu m'thupi, imakoka shuga m'magazi ikamagwira ntchito, n'chifukwa chake kuyenda pang'ono munthu atadya nsima kumamuthandiza kuposa kugona pamkeka. Chinanso chimene sindinkachidziwa n'chakuti munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo kwa amayi, akasiya kusamba, zimene kawirikawiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, mafupa amayamba kufooka mofulumira. Mafupa ndi minofu zimalimba zikamanyamula thupi. N'chifukwa chake malangizo aja amawonjezera kuti masiku awiri pa sabata munthu azichitako zolimbitsa minofu, ndipo zimenezi sizifuna zitsulo. Ine ndimadzuka ndi kukhala pampando kakhumi osagwira ndi manja, ndimakankha khoma, ndimanyamula chigubu cha madzi cha malita 5, chimene chimalemera makilogalamu 5, ndipo ndimaima ndi mwendo umodzi nditagwira chitseko. Zonsezi ndimachitira kuseri kwa kauntala pamene palibe kasitomala.

Ndikudziwa yankho limene abale anga akumudzi angapereke, chifukwa anandipatsa kale. Iwo amati, "Ife timalima, masewera enanso a chiyani?" Pamenepa sinditsutsana nawo kwambiri. Bambo amene amakwera ndi kutsika mapiri a ku Tsangano atasenza thumba la mbatatesi, kapena mayi amene amabwereza kumjigo kanayi ndi ndowa ya malita 20 pamutu, anakwanitsa kale mphindi 150 zija Lachiwiri lisanathe, ndipo kumuuza kuti awonjezere kuyenda n'kumunyoza. Koma khasu limaweramitsa msana mbali imodzi kwa maola ambiri, ndipo anthu amenewa angapindule ndi kudziwongola pang'onopang'ono asanayambe ntchito ndiponso akaweruka. Komanso ulimi uli ndi nyengo. Pali amuna ambiri amene akakolola amakhala pabawo ndi pamowa kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba, n'kudzayamba kugalauza mwadzidzidzi thupi litaiwala ntchito. Ndipo BP sisankha onenepa okha. Mlimi woonda akhoza kukhala nayo osadziwa, makamaka poona mchere umene timathira m'ndiwo n'kuwonjezeranso pambale, pamene malangizo amati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, imene ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi. Amenewa chimene ndingawapemphe ndi kukayezetsa basi.

Mbali imene ndimafuna kuikhalira kwambiri ndi ya maganizo, chifukwa ndi imene inandidabwitsa. Ndinayamba kuyenda pofuna kutsitsa manambala a BP, koma chimene chinayamba kusintha ndi tulo. Pofika mwezi wachiwiri ndinkagona mpaka tambala woyamba, ndipo munthu amene wagona bwino saona mavuto ake ngati mmene amawaonera pakati pa usiku. Ngongole zinalipo ndithu, ndipo zina zikadalipo, koma poyenda ndinayamba kuziganizira imodziimodzi, pamene pampando paja zinkandigwera zonse pamodzi. Palinso kanthu kena kamene munthu amamva akauzidwa kuti ali ndi matenda osachizika: amadziona ngati wangotsala kudikira. Kudzuka n'kuyenda kunandibwezera chinthu chimodzi chimene ndikanatha kuchita ndekha, ndi miyendo yanga, popanda kupempha munthu kapena kulipira khobidi.

Patapita nthawi, mnzanga wina wosoka zovala anandifunsa ngati angamandiperekeze, ndipo kenako anabweranso wina, dalaivala wopuma ntchito. Apa ndinaona chinthu chimene ndikufuna amuna anzanga achimvetse. Ife amuna sitikonda kukhala moyang'anizana n'kumauzana zakukhosi, koma tikamayenda phewa ndi phewa, maso ali kutsogolo, mawu amatuluka okha. Tsiku lina tikukwera kachitunda, mmodzi wa anzangawo, popanda womufunsa, anangoyamba kufotokoza za ngongole ya katapila imene inali itamusowetsa mtendere kwa chaka chathunthu, mkazi wake osadziwa. Sitinamubwezere ngongoleyo, koma tinakambirana njira, ndipo sabata yomweyo anakauza mkazi wake. Nthawi zambiri timawerenga m'nyuzipepala za amuna amene adzipha chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja, ndipo ine ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo amene anali ndi munthu woyenda naye. Sindikunena kuti kuyenda kumachiza matenda onse a maganizo. Munthu amene wakhala wokhumudwa kwa masabata angapo, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, kapena amene akuganiza zodzipweteka, apite kuchipatala ndipo abale ake amuperekeze, monga momwe angachitire atakhala kuti wathyoka mwendo. Sindikunenanso kuti kuyenda kulowe m'malo mwa pemphero, pakuti ine ndimachita zonse ziwiri, nthawi zina pa nthawi imodzi.

Mkazi wanga anakana kwamtuwagalu kuyenda nane m'bandakucha, ndipo chifukwa chimene anapereka ndinachimvetsa: mayi wamkulu wopezeka panjira nthawi imeneyo alibe ndowa kapena khasu, anthu amamunenera zambiri zoposa zimene amanenera mwamuna. Iye anapeza njira yake. Anasiya kukwera kabaza popita kutchalitchi ndi ku banki mkhonde, ndipo pa kwaya ya amayi sakhalanso kumbuyo, amavina nawo masitepe onse. Zimenezi zinandikumbutsa kuti mankhwala amenewa tinali nawo kale m'miyambo yathu. Aliyense amene anaonapo madoda a Chingoni a ku Ntcheu akuvina ngoma, ena a imvi mutu wonse, akuponda pansi mpaka fumbi koboo, chishango chili m'manja, angavomereze kuti pamenepo mtima, mapapo ndi miyendo zonse zikugwira ntchito. Chimtali ndi msindo wa amayi n'chimodzimodzi. Vuto n'lakuti magule amenewa tinawasiyira masiku a zikondwerero ndi a alendo olemekezeka, ndipo ife amene timadzitcha ophunzira timaonerera titakhala pamipando ya kutsogolo.

Ndichenjezeko pang'ono, kuopa kuti wina angavulale chifukwa cha kalata yanga. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo asasiye mapiritsi chifukwa chakuti wayamba kuyenda. Ine ndimamwabe anga m'mawa uliwonse. Munthu akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, aime pomwepo n'kufuna thandizo, asalimbe mtima. Odwala shuga avale nsapato zosathina, aziyang'ana mapazi awo madzulo aliwonse ngati pali kabala, ndipo amene akumwa mankhwala otsitsa shuga atenge siwiti m'thumba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa, si kulakwa kudikira kuti dzuwa lituluke. Ndipo amene akuyenda m'mbali mwa msewu wa M1 ayende kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zikubwera, atavala chovala chowala, chifukwa m'nkhungu ya kuno dalaivala wa lole amaona munthu atafika kale pafupi.

Nkhani ya msewuyi ndi imene ndikufuna kuti a khonsolo aiganizire. Malo ambiri munthu wapansi amalimbirana mphepete mwa msewu ndi njinga zamoto, njinga zakapalasa zosenza matumba, ndi ogulitsa malonda, monga aliyense amene anadutsapo pa Lizulu tsiku la msika akudziwa. N'kovuta kulimbikitsa munthu wa zaka 60 kuti aziyenda pamene njira yake ndi ya m'ngalande. Mipingo ndi mizikiti nayo ingathandize pa chinthu chaching'ono: kugula kachipangizo koyezera BP n'kupempha namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene amapemphera pomwepo kuti aziyeza anthu mapemphero akatha, kamodzi pa mwezi. Ndikunena zimenezi chifukwa ndinapitapo pa chipatala china chaching'ono kukayezetsa, n'kubwerako osayezedwa chifukwa chipangizo chinalibe mabatire, ndipo munthu wosauka amene walipira ulendo n'kubwerera chotero sabwereranso. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti pa tsamba la zaumoyo muzitilemberako za matenda amenewa m'Chichewa chomveka, osadikira 17 Meyi, tsiku lokumbukira za BP padziko lonse, kapena 14 Novembala, la matenda a shuga. Muzitionetsanso zithunzi za anthu ofanana ndi ife, a zitenje ndi majekete, chifukwa nthawi zonse pamene nkhani ya masewera olimbitsa thupi yalembedwa, chithunzi chake chimakhala cha mtsikana wa m'tauni ali m'nyumba ya zitsulo, ndipo mayi wa ku Linthipe kapena ku Lobi akachiona amatsegula tsamba lina.

Za ine, ulendo womaliza kuyezetsa manambala anali 136 ndi 86, mapiritsi ndi kuyenda zikuthandizana, ndipo lamba ndinamubweza mabowo awiri. Alipo amene anayamba kunong'onezana kuti aphunzitsi akuwonda, ndipo mmodzi anafika pofunsa mkazi wanga ngati kunyumba kuli bwino. Tsopano tilipo atatu, timakumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu nthawi ya hafu 5 m'mawa, ndipo timayenda mphindi 50, zimene zimakwanitsa 150 zija. Tinapangana kuti mvula isanagwe tikwere phiri la Dedza, limene ndi lalitali mamita 2,198, mopumira ndiponso titatenga madzi, chifukwa tonse atatu takhala m'munsi mwake zaka zambiri koma palibe amene anafikapo pamwamba. Mayi wa nkhuni uja timakumana nayebe, ndipo masiku ano amangotipatsa moni.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wakale,
Dedza boma